Kalaliki wogulitsa matikiti kwa akufa: mbiri ya masewera a Grim Fandango

CUAMBA — Kumapeto kwa mwezi wa Outubro m'chaka cha 1998, kampani ya LucasArts ya ku California, m'dziko la America, inatulutsa masewera a pa kompyuta otchedwa Grim Fandango. Nkhani yake ndi ya kalaliki wina wogulitsa matikiti a ulendo kwa anthu akufa, amene anatulukira kuti matikiti a sitima oyenera anthu olungama akubedwa mu ofesi yake momwemo ndi kuperekedwa kwa mbava. Akatswiri anawatamanda kwambiri masewerawa, koma ogula anachepa, ndipo patapita zaka zowerengeka anasowa m'masitolo. Anabwereranso m'chaka cha 2015, atakhala pang'ono kutayikiratu.

Awerengi a ku Cuamba, Mandimba ndi Ngauma akhoza kufunsa kuti nkhani ya masewera a ku America ikuwakhudza bwanji. Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, masewerawa amalankhula Chipwitikizi. Chachiwiri, nkhani yake yonse yagona pa sitima, tikiti ndi ulendo wautali wapansi, zinthu zimene anthu okhala m'mbali mwa njanji safuna kuchita kuwafotokozera. Chachitatu, m'mene anapulumukira muli phunziro kwa aliyense amene akusunga kaseti, chithunzi kapena kalata yakale m'nyumba mwake.

Chaka chimene anatuluka

Kuti munthu asewere Grim Fandango m'chaka cha 1998 ankafunika kompyuta ya Windows 95 kapena Windows 98, ya mtundu wa Pentium, yokhala ndi powerengera ma CD, popeza masewerawa ankabwera pa ma CD awiri. Pa nthawi imeneyo n'kuti patangopita zaka zisanu ndi chimodzi chisainireni pangano la mtendere la ku Roma, la pa 4 Outubro 1992. Mabanja amene anathawira ku Malawi kudzera pa Chiponde ndi njira zina anali atangobwerera kumene, akumanganso nyumba ndi kutsegula minda. Mafoni a m'manja anali atangoyamba ku Maputo m'chaka cha 1997. Malo oyamba ophunzirirako kompyuta anthu wamba kunja kwa likulu anatsegulidwa m'chaka cha 1999 ku Manhiça ndi ku Namaacha, kumwera kwenikweni kwa dziko lino, mothandizidwa ndi yunivesite ya Eduardo Mondlane.

Choncho ku Niassa masewerawa sanachite kuiwalika. Anangodutsa osaoneka. Kompyuta imene inkapezeka mu ofesi ya boma kapena ya bungwe inali ya malipoti ndi malipiro, ndipo palibe akanalota zoikamo mafupa ovala jekete.

Masewera oganiza

Grim Fandango si masewera a mpira kapena owomberana ngati amene achinyamata ambiri amawadziwa pa foni. Ndi nthano imene wosewera amaiyendetsa yekha. Iye amayendetsa munthu mmodzi m'misewu ndi m'maofesi, kulankhula ndi anthu, kusankha funso loti afunse, kutola zinthu ndi kuganiza kuti chinthu chakuti chingagwire ntchito pati. Nkhani siipita patsogolo mpaka atapeza yankho, monga m'mene ndagi siitha mpaka wina atailasa. Kuthamanga kwa zala kulibe ntchito. Chofunika ndi kumvetsera, kukumbukira ndi kudekha.

Amene anatsogolera ntchito yowapanga ndi Tim Schafer, wobadwa m'chaka cha 1967, amene anali atatchuka kale ndi masewera a Day of the Tentacle a 1993 ndi Full Throttle a 1995. Iye anasakaniza zinthu ziwiri zooneka ngati sizingakhale pamodzi: chikhulupiriro chakale cha ku Mexico chonena za ulendo wa mzimu, ndi mafilimu a ku America a zaka za m'ma 1940 onena za ofufuza milandu.

Nkhani yake ili motere

Munthu akamwalira amafika ku Dziko la Akufa, mu mzinda wotchedwa El Marrow. Kumeneko aliyense ndi mafupa okhaokha, koma amavala, amasuta, amagwira ntchito ndi kudandaula za abwana monga anthu amoyo. Mzindawu ndi pongodutsira. Mzimu uliwonse uyenera kuyenda ulendo wa zaka zinayi kuti ukafike ku malo a mpumulo wosatha.

Mayendedwe ake amatengera m'mene munthu anakhalira pa dziko. Amene anali wabwinoko amapatsidwa galimoto kapena malo m'sitima ya pamadzi. Amene anali wolungama kwenikweni amalandira tikiti ya sitima ya pamtunda yotchedwa Number Nine, imene imayenda ulendo wonse wa zaka zinayi m'mphindi zinayi zokha. Otsala onse amauyamba wapansi.

Manuel Calavera, amene anzake amamutcha Manny, ndi kalaliki mu ofesi yoona za maulendowa. Sakugwira ntchitoyi mwa kufuna kwake. Ali ndi ngongole ya moyo wake wakale, ndipo sangachoke mpaka ataibweza pogulitsa maulendo apamwamba. Vuto n'lakuti kwa iye kumangobwera amphawi a ntchito zabwino. Mmodzi anamupatsa ndodo yoyendera yokhala ndi kampasi pa chogwirira. Wina anamutsekera m'bokosi ndi kumutumiza ngati katundu wa pa positi. Makasitomala abwino onse amapita kwa mnzake wa pa ntchito, Domino Hurley, amene amakondedwa ndi bwana wawo, Don Copal.

Atatopa, Manny anamubera Domino kasitomala mmodzi, mayi wotchedwa Mercedes Colomar, kapena kuti Meche, amene moyo wake wonse anathera pothandiza ena. Mayiyu anayenera tikiti ya Number Nine mosakayikitsa, koma kompyuta ya mu ofesi inaonetsa kuti sayenera kanthu. Poganiza kuti cholakwa ndi chake, Meche ananyamuka wapansi osatsanzika. Apa ndi pamene Manny anazindikira kuti mu ofesimo muli katangale, ndipo anasiya zonse n'kuyamba kumulondola.

Ulendowu wagawidwa m'zigawo zinayi, ndipo chigawo chilichonse chimachitika pa 2 Novembro, chaka ndi chaka. M'chaka choyamba Manny anakumana ndi Salvador Limones, mtsogoleri wa gulu lachinsinsi lolimbana ndi katangaleyo. M'chaka chachiwiri anali pa doko la Rubacava, kudikira Meche kuti adutse. M'chaka chachitatu anawoloka nyanja mpaka kumathero a dziko, kumene anapeza anthu oberedwa matikiti akugwiritsidwa ntchito yaukapolo m'mgodi wa Domino kuti asakaulule. M'chaka chachinayi anabwerera ku El Marrow kukakumana ndi mwini katangale yense, Hector LeMans.

Chinyengo cha LeMans chinali chapawiri. Anthu olemera amene ankagula matikiti kwa iye ankalandira abodza, ndipo sitima imene anakwera inakagwera kuphompho isanalowe pa chipata. Matikiti enieni ankawaunjika yekha, poganiza kuti akachuluka adzaphimba zoipa zake. Koma m'masewerawa tikiti yeniyeni imadziwa mwini wake: ikamuyandikira imagwedezeka ndi kuthamangira kwa iye.

Nkhani yodziwika m'mbali mwa njanji

Akuluakulu a m'chigawo chino akamva nkhaniyi sangaione yachilendo. Iwo akukumbukira zaka za m'ma 1980, pamene munthu sankatuluka m'boma lake popanda chikalata cha guia de marcha, ndiponso pamene sopo, shuga ndi nsalu zinkasowa m'sitolo koma n'kumapezeka kuseri pa mtengo wa candonga. Akudziwa tanthauzo la kuima pa mzere tsiku lonse n'kuona wobwera mochedwa akulowera khomo la kumbuyo. Akudziwanso kuyenda wapansi masiku ambiri, katundu ali pamutu, chifukwa choti njira ina palibe.

Za sitima ndiye n'zosachita kunena. Njanji yochokera ku Cuamba kudutsa ku Mitande ndi ku Catur inafika ku Lichinga m'chaka cha 1969. Itawonongeka, sitima inkayenda mwa apo ndi apo, ndipo mtunda wa makilomita 262 unkatenga masiku. Njanjiyi inatsegulidwanso mu Novembro 2016 itakonzedwa. Amene anakwerapo sitima isanakonzedwe ndi itakonzedwa akumvetsa bwino kusiyana kwa zaka zinayi ndi mphindi zinayi kumene Schafer ankanena.

Mphamvu ya nkhaniyi ili pa munthu amene anaikidwa pakati. Manny si wapolisi, si woweruza, ndiponso si woyera mtima. Ndi kalaliki wamba wokhala ndi ngongole, amene poyamba ankangofuna kupulumutsa ntchito yake. Iye mwini anaba kasitomala. Kusintha kwake kunayamba pamene anaona kuti pepala limene linadutsa pa tebulo lake lachititsa munthu wosalakwa kuyenda m'nkhalango yekha. Funso limene masewerawa akufunsa ndi la aliyense wogwira chidindo, kaundula kapena buku la malisiti: kodi ukadziwa kuti mzere ukuberedwa, umatani?

Kuseka pa maliro

Ngakhale nkhaniyi ndi ya imfa ndi kuba, masewerawa ndi oseketsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manny akamapita kukatenga mzimu amavala mkanjo wakuda ndi kunyamula chikwakwa chachitali, koma popeza ndi wamfupi, kunsi kwa mkanjowo amaponda pa timiyendo towonjezera ngati makanja. Akabwerera ku ofesi amavula zonse, n'kupinda chikwakwa chija ndi kuchiika m'thumba la jekete.

Dalaivala wake, Glottis, ndi chimzimu chachikulu chofiirira chimene chinalengedwera ntchito imodzi yokha, yoyendetsa ndi kukonza magalimoto. Atachotsedwa ntchito anazula mtima wake weniweni ndi kuutaya m'nkhalango, ndipo wosewera ayenera kukautola kwa akangaude. Ku Rubacava anthu amabetcha pa mpikisano wa amphaka akuluakulu ngati ng'ombe. Ogwira ntchito pa doko ndi njuchi, ndipo Manny ayenera kuzithandiza kunyanyala ntchito. Pamene gulu la Salvador linafuna amithenga, Manny anakwera pa denga kukaba mazira a nkhunda.

Palinso nthabwala imene imabwerezedwa. Kumapeto kwa chaka choyamba Manny analembedwa ntchito yokolopa m'kanyumba kodyera ku Rubacava. Chaka chitatha, malowo anali ake, atawasandutsa kalabu yausiku. Kumapeto kwa chaka chachiwiri anayamba kukolopa m'sitima ya pamadzi. Chaka chitatha anali kaputeni.

Nanga munthu wakufa kale angaphedwe bwanji? Olemba anapeza yankho lake. Mfuti za achifwamba a m'dzikomo zimaponya mankhwala omeretsa maluwa m'mafupa, ndipo amene walasidwa amasanduka mulu wa maluwa osadzukanso. Motero m'Dziko la Akufa duwa ndi chinthu choopsa, ndipo wogulitsa maluwa ndiye wosula zida.

Mizu yake iwiri

Muzu woyamba ndi mafilimu amene Afalansa anawatcha film noir, kutanthauza filimu yakuda. Anali mafilimu opanda mitundu, ojambulidwa mu mdima ndi mu utsi wa fodya, onena za munthu mmodzi wotopa ndi moyo amene akufufuza mlandu mu mzinda wodzala ziphuphu. Otchuka mwa iwo ndi The Maltese Falcon ya 1941, m'mene Humphrey Bogart anasewera ngati wofufuza milandu Sam Spade, ndi Double Indemnity ya 1944, yonena za wogulitsa inshuwalansi amene analowa m'chiwembu. Chigawo cha ku Rubacava chinatengera kwambiri filimu ya Casablanca ya 1942: doko lodzala anthu odikira mapepala a ulendo, mwini kalabu wovala jekete loyera, ndi mkulu wa polisi wokonda juga.

Muzu wachiwiri ndi Mexico. Aaziteki, anthu akale a dzikolo, ankakhulupirira kuti mzimu umayenda zaka zinayi kudutsa magawo asanu ndi anayi a dziko la akufa lotchedwa Mictlan. Chikhulupirirochi chitakumana ndi kalendala ya Akatolika panabadwa chikondwerero cha Día de Muertos, cha pa 1 ndi 2 Novembro, pamene mabanja amakongoletsa manda ndi maluwa, kuphika zakudya zimene malemu ankakonda ndi kupanga tizidole ta mafupa ovala zovala za anthu amoyo. Maonekedwe a Manny ndi anzake anachokera ku tizidole timeneti. Dzina lakuti Calavera m'Chisipanishi limatanthauza chibade, monga caveira m'Chipwitikizi.

Tsiku la 2 Novembro ndi lomwe lija Akatolika a ku Massangulo, Cuamba ndi kwina amakumbukira okhulupirika amene anamwalira ndi kukayendera manda. Asilamu a ku Mandimba ndi Ngauma ali ndi sadaka zawo zokumbukira malemu. Bungwe la UNESCO linazindikira chikondwerero cha ku Mexico ngati chuma cha anthu onse m'chaka cha 2003, ndipo m'chaka cha 2005 linachita chimodzimodzi ndi Gule Wamkulu ndi timbila za Achopi. Komabe tsamba la nkhani liyenera kunena poyera: Grim Fandango si chiphunzitso cha chipembedzo chilichonse. Ndi nthano, monga nthano za kalulu sizili phunziro la zinyama.

Chipwitikizi pakamwa ndi m'kati

Ku Brazil masewerawa anagulitsidwa ndi kampani ya Brasoft, mawu onse atajambulidwanso m'Chipwitikizi cha kumeneko. Atakonzedwanso m'chaka cha 2015, Chipwitikizicho chinasungidwa pamodzi ndi Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana ndi Chisipanishi. Izi n'zofunika, chifukwa masewera a mtundu uwu ndi a mawu. Wosamva zimene zikunenedwa sangapite patali. Mwana wa sukulu ya sekondale amene anazolowera ma novela a ku Brazil sangavutike kumva Manny.

Chipwitikizi chilinso m'kati mwenimweni mwa makina ake. Opanga masewerawa anagwiritsa ntchito chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Lua, dzina lotanthauza mwezi wa kumwamba. Chilankhulochi chinapangidwa m'chaka cha 1993 pa yunivesite ya Katolika ya ku Rio de Janeiro ndi akatswiri atatu: Roberto Ierusalimschy, Luiz Henrique de Figueiredo ndi Waldemar Celes. Grim Fandango anali amodzi mwa masewera akuluakulu oyamba kuchigwiritsa ntchito, ndipo pambuyo pake makampani ambiri a masewera anatsatira. Kwa wophunzira za kompyuta ku Cuamba kapena ku Lichinga, ichi ndi chitsanzo chakuti chida chopangidwa m'dziko lolankhula Chipwitikizi, kutali ndi California, chinakafika m'manja mwa dziko lonse.

Chifukwa chimene anasowera

Chaka cha 1998 chitatha, olemba za masewera a GameSpot anasankha Grim Fandango kukhala masewera a pa kompyuta opambana onse a chakacho. Koma msika unali utatembenuka. M'masabata omwewo kunatuluka Half-Life ndi The Legend of Zelda: Ocarina of Time, masewera othamanga amene anakopa ogula miyandamiyanda. Schafer ananenapo pambuyo pake kuti Grim Fandango anagulidwa makope pafupifupi 500,000, pamene Full Throttle anapitirira miliyoni imodzi.

Analinso ndi zovuta zakezake. Munthu ankayendetsa Manny ndi mabatani okha, popanda mouse, ndipo Manny ankatembenuka ngati thirakitala, kugunda makoma ndi kuphonya zitseko. Ndagi zake zina zinali zolimba mopitirira muyeso.

Makampani anaona kuti masewera a nthano alibenso phindu. Schafer anachoka ku LucasArts m'chaka cha 2000 ndi kuyambitsa kampani yake, Double Fine. LucasArts inatulutsa masewera ake omaliza a mtundu umenewu chaka chomwecho, ndipo mu 2003 ndi 2004 inaimitsa ena awiri amene anali m'kati mopangidwa. Ma CD a Grim Fandango anasiya kudindidwa. Amene anali nawo anapeza kuti pa makompyuta atsopano masewerawa ankakana kutseguka kapena kuima pakati. Ngakhale pamene masewera ena akale anayamba kugulitsidwa pa intaneti, awa sanali m'gulumo. Kwa zaka zoposa khumi, wofuna kusewera ankasakasaka CD yogwiritsidwa kale ntchito.

Amene anawapulumutsa

Oyamba kuchitapo kanthu anali okonda masewerawa, anthu wamba ogwira ntchito mongodzipereka. Iwo analemba pulogalamu yotchedwa ResidualVM, yothandiza kuti ma CD akale aja agwire pa makompyuta atsopano. Mmodzi wa iwo, Tobias Pfaff, anawonjezera njira yoyendetsera Manny ndi mouse, chinthu chimene kampani sinachite.

M'chaka cha 2012 panachitika zinthu ziwiri. Double Fine inapempha anthu pa intaneti kuti asonkhe madola 400,000 opangira masewera atsopano a nthano. Anthu oposa 87,000 anasonkha madola oposa 3.3 miliyoni, zimene zinaonetsa kuti okonda masewera otere akadalipo. Kenaka mu Outubro kampani ya Disney inagula Lucasfilm, mwini wa LucasArts, pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni, ndipo mu Abril 2013 inatseka nthambi yopanga masewera. Umwini wa Grim Fandango unagwera m'manja mwa Disney. Mothandizidwa ndi kampani ya Sony, Schafer anapeza chilolezo chokonzanso ntchito yake, ndipo nkhaniyi inalengezedwa mu Junho 2014.

Chilolezo chinali chiyambi chabe. Zithunzi, mawu ndi nyimbo zoyambirira zinali zitamwazikana. Zina zinapezeka pa matepi akale osungira zinthu za kompyuta, amene kuti awerengedwe panafunika kusaka makina akalenso. Zina zinapezeka kwa anthu amene kale ankagwira ntchito ku LucasArts ndipo anali atasunga zinthu kunyumba. Wopeka nyimbo zake, Peter McConnell, anazijambulanso ndi gulu loimba la Melbourne Symphony Orchestra la ku Australia. Njira ya mouse ya Pfaff inatengedwa ndi kuikidwamo.

Grim Fandango Remastered anatuluka pa 27 Janeiro 2015 pa makompyuta a Windows, Mac ndi Linux ndiponso pa PlayStation 4 ndi Vita, pa mtengo wa madola pafupifupi 15. Mu Maio chaka chomwecho anatuluka pa mafoni a Android ndi iPhone, mu 2018 pa Nintendo Switch, ndipo mu 2020 pa Xbox One. Chinthu chimene mu 1998 chinkafuna kompyuta ya mu ofesi chinakwana m'thumba la malaya.

Ambiri alibe mwayi wotere

Grim Fandango anapulumuka chifukwa anali ndi mwini wake wamoyo wowalondola, okonda osatopa ndi makampani olemera ovomera. Ena sizinawayendere choncho. M'chaka cha 1999 kampani ya ku Britain ya Perfect Entertainment inatulutsa Discworld Noir, masewera enanso oseketsa a wofufuza milandu, ochokera ku dziko la m'mabuku a Terry Pratchett. Sanagulitsidwe ku America, kampani yake inatsekedwa pasanapite nthawi, ndipo masewerawo anatsala opanda wowasamala. M'chaka cha 2023 bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti mwa masewera 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, okwana 87 sankapezekanso pa msika.

Dziko lino likuidziwa nkhani yotere. M'chaka cha 1991 moto unawononga nyumba ya Instituto Nacional de Cinema ku Maputo, kumene kunkapangidwa Kuxa Kanema, kanema wa nkhani amene ankaonetsedwa m'mizinda ndi m'midzi dziko litangolandira ufulu. Mafilimu amene anapulumuka ndi amene lero akuonetsa achinyamata nkhope za makolo awo.

Ngati kampani ya ku California yokhala ndi ndalama ndi akatswiri inatsala pang'ono kutaya ntchito yake m'zaka 16 zokha, nanga kaseti ya kwaya, ya sikiri kapena ya woimba wa bangwe imene ili m'katoni pansi pa bedi ku Mitande ili ndi zaka zingati? Tepi imamatana ndi chinyezi, CD imakalika, foni imagwa m'madzi, ndipo wailesi yoimbira kaseti ikusowa pa msika. Chojambulidwa chimakhala ndi moyo pokhapokha wina akachikopera pa chida chatsopano nthawi isanathe ndi kulemba dzina la woimba, malo ndi chaka. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Kwa ofuna kuyesa

Masewerawa amagulidwa pa intaneti, m'masitolo a Steam ndi GOG. Ndi aakulu magigabaiti angapo, choncho ndi bwino kuwakopera pamalo pamene intaneti ndi yotsika mtengo; akalowa m'kompyuta nkhani yonse imaseweredwa popanda kuwononga megabaiti. Safuna kompyuta yamphamvu ngati masewera a masiku ano. Ofuna a pa foni ayambe aona ngati akugwirizana ndi foni yawo asanalipire, popeza mafoni asintha kwambiri chichokereni 2015.

Makolo adziwe kuti ku America masewerawa anaikidwa m'gulu la a zaka 13 kupita m'tsogolo. Muli kusuta, mowa ndi juga, monga m'mafilimu amene anatengerako. 

Langizo la amene anawamaliza ndi lakuti asaseweredwe ndi munthu mmodzi. Pamene mmodzi wagwira mabatani, ena akhale pambali ndi kope, kulemba mayina, manambala ndi zimene anthu anena, chifukwa yankho la ndagi ya pa doko likhoza kukhala m'mawu amene wina ananena ola lapitalo. Wosewera ayang'anenso mutu wa Manny: akadutsa pafupi ndi chinthu chofunika amatembenuza chibade kuchiyang'ana. Ndipo akakanika pa malo amodzi masiku awiri asataye mtima, pakuti osewera a mu 1998 anakanikanso pomwepo.